Denga la agogo: mbiri ya utsi ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mukadzapita kumudzi ulendo uno, mudzalowe m'khitchini mwa agogo n'kuyang'ana kudenga. Udzu, nsungwi ndi mapaso zonse zinada bii, mwaye uli lendelende ngati ndevu za tonde. Ine ndinayang'ana mwezi wathawu ndili kwathu ku Mitundu, misozi ili chuchuchu chifukwa nkhuni zinali zaziwisi, ndipo ndinawafunsa kuti, "Kodi agogo, ngati denga lada chonchi, m'chifuwa mwanumo muli bwanji?" Iwo anangoseka, amvekere utsi ndi umene umateteza denga kuti lisafumbwe, ndiye ndisawasokoneze. Kenako anatsokomola kanthawi ndithu.

Ndayamba ndi denga dala. Tikamva zoti boma kapena khonsolo ikufuna kuyeretsa mpweya ndi kusamala nkhuni ndi magetsi, maganizo amathamangira ku mafakitale a ku Kanengo kapena ku maminibasi ofuka a m'tauni. Koma utsi wambiri umene munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amapuma pa moyo wake umachokera pa mafuwa atatu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka padziko lonse. Ndiye kuno mbiri ya mpweya ndi mbiri ya nkhuni basi. Mukaitsata bwinobwino mupeza kuti kwa zaka 100 olamulira akhala akulondera nkhalango, koma m'khitchini anachedwa kulowamo.

Tiyambire kumene makolo amati zonse zinayambira. Mukaima pa Mitundu n'kuyang'ana chakumadzulo, mzere wa mapiri umene mukuonawo ndi Dzalanyama. M'menemo muli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati anthu oyamba anatsikira pamodzi ndi Chauta ndi nyama zonse, thanthwe likadali lofewa, mpaka mapazi awo anadinda. Ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Moto unagwira tchire, nyama zinabalalika, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kaya mumaikhulupirira kaya ayi, ine chimandigwira mtima n'chakuti nthano yathu yoyambirira penipeni ndi ya lupsa, ndipo inachitikira m'nkhalango yomweyi imene lero tikuiotcha makala.

Tilumphe tifike nthawi ya atsamunda. M'chaka cha 1922 boma la Nyasaland linalengeza kuti Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwa. Ndi dera lalikulu, mahekitala pafupifupi 99,000, lokhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, ndipo mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imayambira m'menemo. Kuyambira pamenepo, munthu amene makolo ake ankasakamo nyama ndi kudulamo mitengo momasuka anayamba kulowamo mozemba ngati mbala. Koma taonani zodabwitsa. M'zaka zomwezo azungu awiri, Barron ndi Wallace, anayamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa alimi a m'midzi ya ku Lilongwe, ndipo pofika 1926 alimiwo anali atachuluka moti boma linakhazikitsa Native Tobacco Board yoti iziyang'anira malondawo. Amene munaonapo chikopa chikuumitsidwa mukudziwa mmene zimakhalira: amachifukiza m'chigafa chomata kwa masiku ambirimbiri, zipika zikunyeka pang'onopang'ono usana ndi usiku. Boma lomwe linkati mitengo ya ku Dzalanyama isakhudzidwe ndi lomwenso linkafuna msonkho wa nyumba, ndipo njira yapafupi yopezera ndalama ya msonkhowo inali fodya wodya nkhuni. Imene inalipira ndi mitengo ya m'midzi, ya kunja kwa malire a nkhalango.

Itafika nthawi ya Kamuzu Banda, zinthu zinathamanga. Damu loyamba la ku Malingunde linamangidwa mu 1966 kuti tauni ya Lilongwe izimwa madzi a mtsinje wochokera ku Dzalanyama, ndipo lachiwiri linabwera mu 1989. Koleji ya zaulimi ya Bunda, imene lero ndi gawo la LUANAR, inatsegulidwa pakhomo pathu pomwepa m'zaka za m'ma 1960. Mu 1968 kunayamba ntchito yaikulu yotukula ulimi m'chidikha cha Lilongwe ndi ndalama za World Bank: misewu, mijigo, ngongole za feteleza, minda n'kumakulirakulira. Ndiye mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo nkhani yathu inakhotera pamenepa. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzindawu. Wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Anthu kuchuluka kakhumi m'zaka 41, aliyense akufuna nsima kawiri patsiku, ndipo nkhalango yaikulu yapafupi ndi yathuyi.

Boma la nthawiyo silinali mtulo ayi. Kuyambira 1976, pa 21 Januwale linali tsiku lodzala mitengo m'dziko lonse, ndipo mabulugamu ndi malaina ambiri amene mumawaona m'masukulu akale anadzala ndi makolo athu ali ana asukulu. Akuluakulu amasimbanso kuti mlonda wa nkhalango ankaopedwa zedi. Kungomva kuti akubwera, nkhwangwa inkaponyedwa patchire. Mantha anagwira ntchito, zimenezo sitingakane. Kungoti mantha onsewo anali omangirira pa munthu mmodzi.

Munthuyo atachoka pampando mu 1994, ena anamva ngati ufulu ndiye kuti nkhalango ilibenso mwini. Nthawi yomweyo alimi ang'onoang'ono anali atangololedwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha, ndipo chigafa chilichonse chimafuna mphanda ndi mapaso. Papepala, malamulo amene anabwera anali okoma kwambiri. Lamulo la zankhalango la 1997 linapereka mpata woti midzi ikhale ndi nkhalango zawozawo ndi makomiti ozisamalira. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linabweretsa zija timati mphamvu ku anthu: khonsolo, makomiti a chitukuko a ADC kwa T/A ndi a VDC kwa agulupu, komanso mphamvu yoti khonsolo izipanga malamulo a m'dera lake.

Koma tamverani izi, anzanga. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china cha makhansala sichinachitike mpaka 2014. Zaka 9 zathunthu kopanda khansala ndi mmodzi yemwe, mzinda ukukula, njinga za makala zikuchulukirachulukira. Chinanso, Dzalanyama mwiniwakeyo sali m'manja mwa khonsolo. Nkhalango zotetezedwa zinatsala ku nthambi ya zankhalango ya boma lalikulu. Khonsolo inalandira midzi yozungulira, imene mitengo yake inali itatha kale.

Pa za makala, lamulo la 1997 linati n'zololedwa pokhapokha uli ndi chiphaso, ndipo mitengo yake ichokere koti ikadulidwa imabwezeretsedwa. Chiphaso choyamba chinaperekedwa mu 2015, kwa kampani ya Kawandama Hills ku Viphya. Werengani nokha. Kwa zaka 18, thumba lililonse la makala ootchedwa m'dziko muno linali lophwanya lamulo, kuphatikizapo limene linkaphikira nyemba kunyumba kwa mabwana. Mu 2007 a Patrick Kambewa ndi anzawo anatulutsa kafukufuku wotchedwa Charcoal: the Reality. Anapeza kuti mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba oposa 6 miliyoni pachaka, kuti anthu oposa 90,000 ankadalira malondawa, ndiponso kuti makala oposa theka ankaotchedwa m'malo otetezedwa. Anapezanso kuti gawo lina ndithu la mtengo wa thumba linkathera pa ziphuphu za m'njira.

Ine za m'njirazo sindinazidziwire m'buku mokha. Malume anga ankakankha makala. Ankanyamuka tambala asanalire, matumba atatu pa njinga, aliwonse ndi chisoti chake choluka pamwamba, n'kumatsata tinjira ta m'minda popewa msewu waukulu. Tsiku lina anawalanda zonse, njinga ndi makala omwe. Anabwera wapansi, mapazi atatupa. Patatha milungu iwiri anagulitsa mbuzi, n'kugula njinga ina, n'kubwereranso kunkhalango. Nditawafunsa kuti bwanji osangosiya, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, ukandipezere ntchito ina, mawa lomwe ndisiya." Ndinasowa choyankha. Lero amatsokomola kuposa agogo, chifukwa wootcha makala amagona pafupi ndi uvuni kuulondera kuti usabooke, ndipo utsi woyamba amaumeza ndi iyeyo, wa m'tauni asanauone n'komwe.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali a Malawi Defence Force ku Dzalanyama, Lilongwe Water Board ikuthandiza ndi ndalama popeza madzi ake amachokera kumeneko. Chaka chotsatira a ku Japan, kudzera ku JICA, anayamba ntchito yothandiza kusamalira nkhalangoyi. Mauvuni anaphwasulidwa, njinga zinalandidwa, ndipo kunamvekanso madandaulo a anthu omenyedwa. Mwatsoka, 2016 ndi 2017 ndi zaka zimene madzi a mu Shire anatsika, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri patsiku. Ngakhale mabanja a ku Area 47 okhala ndi makuka anagula mbaula. Asilikali akutseka kuno, mzinda ukuitanitsa uko, ndipo thumba likakwera mtengo wootcha amangolimbiratu mtima. Mu 2017 boma linatulutsa ndondomeko ya makala ya zaka 10, imene pambali pa kugwira anthu inatchulanso gasi, mbaula zosaononga nkhuni ndi kupezera ootcha makala ntchito zina. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango: chindapusa cha mamiliyoni ndi zaka zambiri kundende. Kenako mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, mdima n'kubwereranso kwa nthawi yoposa chaka. Makala anayenda malonda ngati kale.

Za kusamala magetsi ndingodutsapo. ESCOM inagawa mababu osadya magetsi ambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, kenako kunabwera a LED, ndipo zinathandizadi madzulo pamene aliyense wayatsa. Koma kalembera uja wa 2018 anapeza kuti ndi banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi 9 limene linkaunikira magetsi, ndipo kumudzi n'kochepa kuposa apo. Kwa agogo chimene chinasintha zinthu ndi tochi ya mabatire ndi kasola ka padenga. Zimenezi zinathamangitsa koloboyi ndi mwaye wake popanda lamulo lililonse.

Tsopano tilowe m'khitchini muja. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi la mtapo n'kuiotcha ngati mphika, inayamba kufala ku Mulanje cha m'ma 2000. Nthawi ya mayi Joyce Banda boma linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosaononga nkhuni zikhale zitafika 2 miliyoni, ndipo mabungwe monga MAEVE ndi United Purpose, mothandizidwa ndi mayiko ngati Ireland ndi Germany, anaphunzitsa magulu a amayi kuumba ndi kugulitsa. Mu 2020 analengeza kuti chiwerengerocho chakwana. Pa zonse zimene ndatchula, ine ndimaona kuti ntchito iyi ndi imene inamufikadi mayi wa kumudzi. Mbaulayi imasunga moto malo amodzi, mphepo siumwaza, moti nkhuni zimene pa mafuwa zikanatha masiku awiri zimatha kufika atatu. Imalandira zitsononkho, mapesi a nandolo ndi tinthambi. Ukhoza kuinyamula n'kukaphikira panja. Mwana wokwawa sagweranso pamoto chisawawa.

Koma pali nkhani ina imene m'misonkhano simuimva kawirikawiri, ndipo sindikufuna ndikubisireni. Madokotala a ku Liverpool pamodzi ndi a kuno anachita kafukufuku wamkulu ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Midzi ina inapatsidwa mbaula zapamwamba zedi, zokhala ndi kafani kotchajira pa sola, zotulutsa utsi wochepa kuposa Chitetezo. Midzi ina inapitiriza ndi mafuwa. Anawatsata anawo kwa zaka 2. Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2016 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo zinakhumudwitsa ambiri: chibayo sichinachepe. Ana a uku ndi a uku ankadwala mofanana. Chimene chinachepa ndi zilonda za moto.

Kwa ife okulira kumudzi zimenezi si zovuta kumvetsa. Mbaula ikaonongeka mayi amabwerera pa mafuwa. Mowa, nyemba ndi madzi osamba amaikabe pa moto waukulu. Ndipo mwana akatuluka panja amapeza aneba akutentha zinyalala, uko uvuni wa njerwa ukufuka, uko anyamata ayatsa tchire posaka mbewa, uko wina akutentha mapesi pososa. Utsi sudziwa mpanda wa munthu. Ndiye tizinena zoona pouza anthu: mbaula imapulumutsa nkhuni ndi msana wa mayi, koma mpweya wa mudzi wonse sungayere ndi khomo limodzi. Imeneyo ndi ntchito ya mfumu, VDC ndi khonsolo.

Kwina zinatheka bwanji? Mu Disembala 1952 mzinda wa London unaphimbidwa ndi chifunga cha utsi wa malasha kwa masiku 5, anthu osachepera 4,000 n'kufa. Owerengetsa ena a pambuyo pake amati anafika 12,000. Utsi wambiri unkachokera m'nyumba za anthu wamba, poothera moto, chimodzimodzi ife. Lamulo la 1956 linapatsa makhonsolo mphamvu yolengeza madera oletsedwa utsi, koma silinathere pa kuletsa. Linaperekanso ndalama zolipirira gawo lalikulu la mtengo wosinthira malo oothera moto m'nyumbamo. Munthu ankalandidwa malasha ofuka atagwiritsidwa china m'manja. Kuno timathamangira kulanda, cholowa m'malo osaoneka. Silinda ya gasi ndi chophikira chake zimafuna ndalama yambiri nthawi imodzi, pomwe makala ungagule a kajumbo, ophikira lero lokha, mawa lidzadziwa lokha. Mayi wogulitsa mandasi ku Area 36 simungamuuze zambiri pamenepa, masamu ake amawadziwa.

Nanga khonsolo ili ndi chiyani m'manja? Zilipo, ndipo si za ku Dzalanyama. Misika ngati ya Mitundu ndi Nathenje ili pansi pa khonsolo, ndipo wogulitsa tomato aliyense amalipira tikiti ya msika. Chizolowezi cha m'misika yambiri m'dziko muno n'choti zinyalala zikaunjikana, majumbo, mabotolo ndi makoko a nzimbe, wina amangoziyatsa madzulo, utsi wa pulasitiki n'kumalowa m'malesitilanti ndi m'nyumba zoyandikana. Majumbo opyapyala analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma nkhani zake zakhala zikubwerera kukhoti ndipo majumbowo tonse tikuwaona. Apa khansala wathu tikhoza kumufunsa maso ndi maso kuti mwa ndalama ya tikiti ija, yosamalira zinyalala ndi zingati. Funso limeneli silifuna msilikali kapena thandizo la kunja.

Palinso njerwa. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za mabizinesi, n'chifukwa chake midadada yatsopano ya sukulu mukuiona ya mabuloko a simenti. Koma nyumba za anthu wamba, zimene zikumera ngati bowa m'mbali mwa M1 kuchokera ku Six Miles kulowera ku Nathenje, zambiri zikumangidwabe ndi njerwa zootcha. Uvuni umodzi umadya zipika zikuluzikulu, ndipo mitengo yachilengedwe ikasowa nkhwangwa imatera pa mango amene tinkadya tili ana.

Chinthu china ndimachiona ndikakwera kabaza kudutsa m'midzi ya kwa Chadza ndi kwa Chiseka. Dziko lonse lili mbee, koma apa ndi apo pali kankhalango ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe, kamthunzi ngakhale mu Okutobala. Amenewo ndi manda. Palibe msilikali, palibe waya, palibe galimoto ya polojekiti. Pali mfumu, pali dambwe, ndipo aliyense amadziwa kuti mitengoyo ndi ya mudzi wake. Lamulo la 1997 linkafuna nkhalango za m'midzi zizilemekezedwa chonchi. M'midzi mmene mfumu ndi komiti anamvana, n'kumagawana nkhuni ndi bowa poyera aliyense akuona, mitengo yaphukanso kuchokera ku zitsa, popanda ndi kudzala komwe.

Agogo aja mbaula ali nayo. Anaigula kwa amayi a m'mudzi woyandikana nawo, inang'aluka mvula yathayi, anaimanga ndi waya ndipo ikugwirabe ntchito. Nsima ya tsiku ndi tsiku amaphikira pamenepo, pakhonde, kunja kukacha bwino. Koma nyemba ndi thobwa, mafuwa basi, ndipo musayerekeze kuwatsutsa. Ndisananyamuke ndinawapempha kuti ndiboole kazenera kumtunda kwa khoma la khitchini kuti utsi uzitulukirapo. Anakana masiku awiri, amvekere amphaka a eni azilowerapo kudzaba usipa. Tsiku lachitatu analola, koma anati kakhale kakang'ono, kosaposa njerwa ziwiri.